Ambulera Yothyoka Nthiti Ziwiri

Lachinayi m'mamawa ndinaimika njinga yamoto
pageti la masisitere, monga mwa masiku onse.
Ndinaliza hutala kawiri, ndinadikira,
kenako ndinakumbuka.

Sisitere Leonila Cabueños,
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakunyamulani
m'misewu yamatope ya chilumba chathu cha Samar,
inu m'kangolo ka m'mbali,
kabokosi ka Ukaristia pachifuwa,
ambulera yothyoka nthiti ziwiri pamiyendo,
ine ndikuzemba maenje, inu mukuwawerenga mokweza:
"Crisanto, limenelo ndi la makumi anayi,
Ambuye achita chizungulire muno."

Kuimba simunkatha, pamaliro sitinama.
Mukayambitsa nyimbo akwaya ankazolika,
agalu a kwa Dodoy nkumavomera kutsidya kwa mtsinje.
Koma ndani wina ankadziwa kuti mayi Pilar
samwa mankhwala popanda munthu pambali?
Ndani ankadziwa khanda losabatizidwa
chifukwa bambo ake akuthawa ngongole ya kuparishi?
Buku la ngongolezo linasowa kawiri.
Bambo mfumu anafunafuna mpaka kukhitchini.
Ine ndinaona utsi kuseri kwa khola la nkhumba,
ndinatseka pakamwa,
ndaulula lero.

Chaka cha namondwe wamkulu uja,
denga la tchalitchi litauluka ngati chipewa,
tinali mazana atatu titaunjikana pamabenchi.
Munayenda ndi tochi, madzi akulekeza m'mawondo,
kuitana aliyense ndi dzina lake.
Simunatilalikire, munangoitana basi,
ndipo woyankha ankadziwa kuti akadali moyo.
Kutacha, mitengo ya kokonati ili lambalamba,
osayankha anali asanu ndi anayi.
Munawalemba kumbuyo kwa kalendala,
nkuwasambitsa ndi manja anu.

Za ine ndinene?
Munandipeza pagombe nditakhuta mowa wa kokonati,
nkhope m'mchenga, ana akundiseka.
Simunakalipe.
Munangozula makiyi a njinga, m'thumba la mkanjo ponyu,
sabata yonse nkumapita wapansi kwa odwala,
kudutsa dala pakhomo panga
kuti ndione mapazi anu otupawo.
Sindinalawenso.

Zinayamba ngati chifuwa wamba.
Kuchipatala cha ku Tacloban anati tachedwa.
Munati, "Ndiye tiyeni kwathu, Loweruka kuli ukwati."
Usiku womaliza ndinagwada pambali pa bedi
kudikira mawu oti ndidzawasunge moyo wanga wonse.
Munatsegula diso limodzi:
"Tayala lakumbuyo lija latha, ukasinthe."

Tsiku loika asodzi sanakankhire maboti m'madzi.
Msika wa nsomba unakhala wa ntchentche zokha.
Ana a katekisimu anabwera ndi maluwa oyera m'zitini za mkaka,
Dodoy, amene sapondako kutchalitchi, anaima pakhomo
chipewa chili m'manja.
Akwaya anaimba bwino,
bwino kwambiri,
palibe anasokoneza ngakhale mzere umodzi,
ndipo mpamene misozi inandigwera.

Amati mwapita kukapuma.
Ine sindikukhulupirira.
Ndikukuonani mukuzungulira kumwambako ndi tochi,
kufunsa amene sanadye,
kusuzumira m'buku lalikulu la ngongole zathu
uku mukufufuza machesi m'thumba.

Lero geti latsegulidwa ndi wina,
Sisitere Marivic, mwana wa dzulodzuloli,
kabokosi kaja akugwira ngati dzira.
Wafunsa, "Tiyambira kuti?"
Ndati kwa mayi Pilar, ndipo mukakhale pansi,
musaimirire, samwa munthu ali chiimire.
Maenje sawerenga.
Ndawerenga ndekha chamumtima, akwana makumi asanu ndi limodzi,
boma silinabwerebe.

Pamlatho mvula yayamba.
Ndapisa dzanja pansi pa mpando, ndamupatsa ambulera ija.
Waitambasula, wati, "Iyi ndi yothyoka."
Ndati ayi, mukungoigwira molakwika,
mbali yofookayo ilozetseni kumbuyo,
mphepo yathu imachokera kunyanja.